Wotchi ya ku Kiel

Sitima yochoka ku Oslo imagona panyanja usiku wonse, n'kukocheza ku Kiel cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ikakwana 2 koloko imatembenuka, kaya wakwera kaya sunakwere. Kwathu kuno aliyense amazidziwa zimenezi. Ambiri amapitira nyama yotchipa ndi mowa, ena amangofuna kuvina ndi kudya mpaka lamba kuthina. Torleif Brattås anapitira wotchi. Mkazi wake, Magnhild, anapitira mkulu wake.

Za wotchizi zinayamba Torleif atagulitsa kankhalango ka paini kamene bambo ake anamusiyira. Munthuyu anakalambira pa galimoto yokankha chipale chofewa m'misewu ya ku Hokksund, ndipo moyo wake wonse ankavala kawotchi kapulasitiki kogula pamalo omwetsera mafuta. Tsopano, imvi zili mbuu, anafuna wotchi ya ku Switzerland, yachitsulo, yolemera, yosalira batire, ya mtengo wogulira galimoto. Magnhild sanakane. Mitengo inali ya kwawo kwa mwamunayo, komanso nkhalamba ikalirira choseweretsa, ipatseni mupume. Chimene chinamutopetsa n'chakuti Torleif sakanangolowa m'sitolo ya ku Drammen n'kugula ngati anthu ena. Anatha nyengo yonse yozizira ali pakompyuta, magalasi ali pamphuno, mpaka anapeza zoti ku Germany wotchi yomweyo njotsikirako mtengo, ndiponso mlendo akamatuluka nayo m'dzikomo amamubwezera msonkho.

"Amachita kukubwezera m'manja, mayi!"

"Munandiuza dzulo, bambo. Ndi dzana lomwe."

"Ndiye kumeneko n'kugula kapena kutola?"

Magnhild ankangopitiriza kusenda mbatatesi. Koma tsiku limene anamva kuti sitolo ya ku Germany imene mwamuna wake anapeza ili ku Kiel, anaika mpeni pansi.

Ku Kiel kunali Borghild, mkulu wake wa bere limodzi. Borghild anakwatiwa ali mtsikana ndi Mjeremani wowotcherera zombo, dzina lake Rathje, n'kukhazikika komweko. Mwamunayo anamwalira kale. Chaka chathachi Borghild anagwa ndi sitiroko m'bafa, mbali ya kumanja n'kufa, ndipo anamupititsa kunyumba yosamalira okalamba. Nthawi imeneyo Magnhild nayenso anali gone, atamuchita opaleshoni ya chiuno, moti sanathe kupita. Mwana mmodzi yekhayo wa Borghild, Wiebke, ndi amene anaimba foni kudzanena chinthu chimene chinamulanda tulo. Matendawo anasesa Chijeremani chonse m'mutu mwa mayi ake. Chinatsala n'chinenero cha kwathu, cha paubwana, chimene kumeneko kunalibe wochimva. Wiebke mwiniwakeyo ankangodziwa mayina a zakudya ndi nyimbo ziwiri za Khirisimasi.

"Poyamba ankayankhula tsiku lonse, anti," anatero Wiebke. "Ife kumangogwedeza mutu. Tsopano ayamba kungokhala duu, kuyang'ana khoma. Mukanabwera, mudzangomvako zomwe akunena."

Choncho Magnhild ndi Torleif anapangana. Chijeremani cha Torleif chinali mawu awiri, lothokozera ndi loitanitsira mowa, ndipo Chingerezi chake chinali cha manja. Magnhild Chijeremanicho anachiphunzira kusukulu, n'kuchinola pa maulendo okacheza kwa mkulu wake. Ndiye iye akamasulira m'sitolo, kenako onse awiri akakwera takisi kupita kwa Borghild. Magnhild atanena zoti agoneko usiku umodzi, Torleif anachita ngati wamuponda pachilonda. Tikiti yopita n'kubwerera ndi sitima yomweyo ndi imene inali yotchipa. Hotela ikanadya phindu lonse.

"Wotchiyo ndasankha kale, nambala yake ili pamtima," anatero. "Kulowa, kuloza, kulipira, kutuluka. Theka la ola, mayi. Nthawi yotsalayo njanu ndi Borghild."

M'sitimamo Magnhild sanagone. Chipinda chawo chinali cha pansi penipeni, chopanda zenera, pafupi ndi injini, moti mano ankachita kugwedera pamodzi ndi bedi. M'mawa pa chakudya, mwamuna wake anapaka buledi batala, kuikapo nyama ndi mazira, kukulunga m'timapepala topukutira pakamwa, n'kumalowetsa m'matumba a jekete, maso ali uku ndi uku.

"Munthu wokagula wotchi ya mtengo wa galimoto akuba buledi," anatero Magnhild.

"Sikuba kumeneku. Tinalipira kale. Mukudziwa mtengo wa buledi kumtundako?"

"Sindikudziwa, ndipo musandiuze."

M'chikwama cha Magnhild munali tchizi chofiirira cha kwathu, chimene Borghild ankachikonda kuposa nyama.

Ku Kiel kunali kamvula kowaza, ka mphepo. Matakisi anali ndandanda pakhomo pa doko. Torleif anawadutsa ngati sanawaone.

"Ndi apa pomwepa, mayi. Pamapu ndi kachala kamodzi."

Kachala kamodziko kanawakweza mlatho, kanawatsitsa masitepe, n'kuwaponya mumsewu wautali wa masitolo, Magnhild akutsimphina pambuyo ndi ndodo yake. Anasocherako kamodzi, chifukwa Torleif sankafuna kufunsa njira, komanso analibe pakamwa pofunsira.

Sitoloyo inali yotsegula, koma chitseko chake chinali chokiya. Mlonda wa suti anawayang'ana pagalasi, kuyambira ku nsapato zawo zonyowa mpaka ku jekete lotupa ndi buledi lija, kenako n'kutsegula. Mkati munali zii, kapeti yake yomiza phazi. Anawalandira bambo wina wowonda, wa tayi yofiira, amene anati dzina lake ndi Jessen. Anawakhazika pamipando yachikopa n'kufunsa ngati angamwe khofi kapena vinyo.

"Akuti chiyani?" anafunsa Torleif.

"Akufunsa nambala ya wotchi."

"Ine ndamva mawu oti khofi."

Khofi anabwera, ndi kabisiketi pambali. Torleif anati afunsidwe kaye ngati ngwaulere. Magnhild sanafunse.

A Jessen anavala magolovesi oyera n'kubwera ndi wotchiyo pakathireyi ka nsalu yakuda, ngati abusa akubweretsa mgonero. Inali yokongola, zimenezo Magnhild sanatsutse. Torleif anaiyang'ana nthawi yaitali osaigwira. Manja ake aja, okhakhala, ong'aluka ndi chisanu cha zaka zambiri, anawabisa pakati pa maondo. Magnhild anamumvera chisoni pang'ono, n'kuyang'ana kumbali.

Chisonicho sichinakhalitse. A Jessen anatulutsanso ina ya nkhope yabuluu, ati angoyerekeza. Kenako ina ya manambala akuluakulu. Munthu wosankha kale uja anayamba kuvala iyi, kuvula, kuvala iyo, kupita pagalasi, kupita pazenera kukaona mmene ikuwalira. Wogulitsayo ankafotokoza osapumira za timawilo ta mkati, za anthu a m'mapiri amene amatilumikiza ndi manja, za mmene ingamirire m'nyanja madzi osalowa.

"Akuti chiyani, mayi?"

"Akuti njabwino."

"Mawu onse aja?"

"Akuti mukhoza kumira nayo. Inu mudzafa, iyo izidzayendabe."

"Nanga yabuluuyi mukuiona bwanji?"

"Ndikuiona kuti ikuti 11 koloko yadutsa."

M'sitolomo mawotchi anali ponseponse, pakhoma, m'makabati, ngakhale pamwamba pa chitseko, ndipo onse ankanena zofanana. Panalibe koyang'ana kuti munthu aiwaleko.

Pomaliza Torleif anabwerera pa yakuda yoyamba ija. Koma lamba wake wachitsulo anakana kutseka pamkono wa munthu wokulira pa fosholo. Panafunika kuwonjezera kachidutswa, ndipo mmisiri wake anali m'chipinda cha pamwamba, ali ndi ntchito ina m'manja. Anadikira. Torleif anamwa khofi wachiwiri, ndi wa mkazi wake yemwe. Wotchi itatsika, makina anakana khadi la kubanki. Anayesanso, anakananso. Torleif anafiira mpaka m'makutu. Banki yake sinkalola ndalama zochuluka chotero kutuluka tsiku limodzi kunja kwa dziko, mwiniwake asananene. Miyezi yonse ija ya pakompyuta, zimenezi sanazione. Anaimba foni kwawo, ndipo foniyo inayamba kumuimbira nyimbo, mawu a mayi wa m'makina akumuuza kuti ali pamzere, asadule.

Magnhild anakumbatira chikwama chake. Wiebke anali atamuuza kuti afike isanakwane 11 koloko.

"Bambo, ine nditsogole. Mundipeza."

"Mutsogole bwanji? Nanga akandifunsa kanthu ndiyankha ndi chiyani, makutu? Pirirani pang'ono, mayi, zatha izi. Halo? Halo! Ndine Brattås, wa ku Hokksund. Ayi, sanandibere. Ndine ndemwe. Inde, wotchi. Inde, imodzi."

Khadi linadutsa. Magnhild anaimirira, koma a Jessen anakweza dzanja mwaulemu: panatsala mapepala a msonkho. Anapempha pasipoti n'kuyamba kulemba, chilembo chimodzichimodzi, ngati mwana wa sukulu wofuna kuyamikiridwa. Atamaliza anapinda manja n'kufotokoza pang'onopang'ono, akuyang'ana Magnhild. Pepalali popanda chidindo ndi pepala chabe. Chidindo amadinda a kasitomu kudoko, munthu asanakwere sitima, ndipo amafuna kuona wotchi ili m'bokosi lake, pasipoti ndi tikiti. Pamakhala mzere, ndi bwino kufika msanga. Ndipo mukafika ku Oslo, anawonjezera, mukadzere khomo lofiira, mukaionetse, mukalipire msonkho wa kwanu.

Apa Magnhild anamasulira zonse, osasiyako ngakhale liwu. Msonkho wa kwathu ngokwera kuposa wa Ajeremani, zimenezo ngakhale mwana amadziwa.

"Ndiye phindu lili pati, bambo? Akubwezereni kuno, mukapereke zoposa uko?"

Torleif anasendeza mpando n'kutsitsa mawu, ngati kuti a Jessen akanamva.

"Khomo lofiira n'la anthu opusa. Akangodinda, bokosi tilikwirira pansi pa zovala zakuda. Wotchi muvala ndinu, m'kati mwa juzi, m'mwamba muno. Tidzera lobiriwira ngati wina aliyense. Ndani angaimitse gogo wa ndodo?"

"Munaganiza liti zimenezi?"

"Kalekale."

"Ndipo kudokoko mukufuna ndikakuyankhulireninso."

"Nanga ndani? Tikangodinditsa, takisi, kwa Borghild. Nthawi ilipo."

Magnhild anayang'ana kukhoma. Mawotchi onse anali atadutsa 12. Kubwerera kudoko, kuima pamzere, kupita mbali ina ya mzinda, kubwereranso sitima isanatseke makomo: sizinkafunika sukulu kuti munthu aone chotsalira Borghild. Moni wa pakhomo basi.

Sanakalipe. Mphamvu zokalipira analibe. Anatembenukira kwa a Jessen n'kuwapempha kuti alembe pakapepala mawu oti mwamuna wake akaonetse a kasitomu, komanso kuti amuitanire takisi.

"Mwawauza chiyani?"

"Ndawauza kuti ndinu munthu wamkulu, bokosi mukhoza kunyamula nokha."

"Mayi, musachite zachibwana. Tinapangana."

"Tinapangana theka la ola. Ndakupatsani m'mawa wonse, ndi chiuno changa chomwe. Kaonetseni kapepalako, mukaloze bokosi, mukamwetulire. Mukamva njala muli ndi buledi m'thumba."

Mlonda wa suti uja anamutsegulira chitseko, ndipo Magnhild sanacheuke.

Nyumba ya okalambayo inali ya njerwa zofiira, kuseri kwa tchalitchi, kutali ndi madzi. M'khonde lake munali fungo la msuzi wa kabichi ndi sopo, koma munalibe munthu. Zitseko zonse zinali zotseka. Ngolo ya mbale zodyeramo kale inali itaima pakona. Magnhild anagogoda pansi ndi ndodo mpaka panatulukira namwino wamfupi, wojintcha, dzina lake lolembedwa pachifuwa kuti Dilek.

"Ndinu ang'ono awo a mayi Rathje? Aa, mayi, mwachedwa. Agona."

"Adzutseni. Apo ayi ndiwadzutsa ndekha."

Namwinoyo anapukusa mutu, n'kumafotokoza akuyenda. Wiebke anabwera m'mamawa asanapite kuntchito, anawapesa mayi ake, anawaveka bulauzi yoyera. Kungochoka pa chakudya cha m'mawa, Borghild anakhala pa njinga yake ya olumala pafupi ndi khomo lalikulu, osalola kusunthidwa. Aliyense wolowa ankamudzutsira mutu: wa makalata, wobweretsa maluwa, dokotala. Itakwana nthawi ya chakudya cha masana anakana kudya, anayamba kulira ndi kumenya patebulo ndi dzanja lamoyo lija, mpaka anamupatsa mankhwala ake n'kukamugoneka.

"Kuno timadya 12 koloko, kenako onse amagona mpaka nthawi ya khofi, 3 koloko. Iwowa, ndi mankhwala aja, ngakhale muwagwedeze chotani, maso atsegula koma sakudziwani."

Magnhild anaima. Zimenezi ankazidziwa, kapena tinene kuti anazidziwapo kale. Ndi kangati anayendapo chonyang'ama m'nyumba mwa Borghild masana, chifukwa mlamu wake wadya n'kugona? Koma kwathu masana munthu amadya buledi wake chiimirire n'kubwerera kuntchito. Chakudya chotentha n'cha madzulo, ndipo wogona dzuwa lili paliwombo ndi wodwala kapena waulesi. M'sitolo muja, pamene ankaleza mtima, ankadziuza kuti m'mawa ukatha masana akadalipo. Kumeneko masana kunalibe.

Borghild anagona chagada, pakamwa patapotokera mbali imodzi, bulauzi yoyera ikadali m'thupi. Anali atachepa. Magnhild ankadziwa mkazi wa mapewa ngati a mwamuna, amene ankakwera chitunda cha kwawo ndi zidebe ziwiri za mkaka akuimba. Pabedipo panali kamtolo. Anamugwira phewa.

"Borghild. Iwe, Borghild. Ndine Magnhild. Dzuka, waulesi iwe."

Zikope zinagwedera. Mpweya unatuluka, n'kulowanso. Basi.

Anayesanso mokweza, mpaka mayi wina wa pabedi la pambali anadandaula n'kutembenukira kukhoma. Ndiye anakoka mpando n'kukhala. Anatulutsa tchizi n'kuchiika pakatebulo, pafupi ndi kapu ya madzi. Pakhoma panali pepala la zithunzi: kapu, mbale, chimbudzi, bedi, nkhope yoseka, nkhope yolira, kuti wodwala aziloza chimene akufuna. Borghild, amene kusukulu ankamutulutsa m'kalasi chifukwa cha kulongolola, ankaloza zithunzi. Magnhild analeka kuliyang'ana pepalalo, n'kumangoyang'ana chifuwa cha mkulu wake chikukwera, chikutsika.

Foni inalira m'chikwama. Anatuluka nayo m'khonde.

"Mayi! Adinda! Ndinangoonetsa kapepala kaja, osayankhula ngakhale liwu limodzi. Munthu wabwino zedi, anaitembenuza wotchi n'kuimba mluzu. Muli pati? Ayamba kukweza anthu."

"Ndili kwa Borghild."

"Ndiye nyamukani. Muuzeni wa takisi athamange. Koma muziyang'ana mita, amaba anthu amenewa."

"Wagona. Sanandione."

"Aa. Pepani. Ndiye musiyireni tchizicho. Tidzabweranso nthawi yotentha."

Magnhild anatsamira khoma n'kutseka maso. Nthawi yotentha inali kutali, ndipo kamtolo kaja sikankaoneka ngati kodikira nyengo.

"Sindikubwera, bambo."

"Mwati chiyani?"

"Adzuka 3 koloko. Ndikhala pano."

"Sitima inyamuka 2 koloko!"

"Muli ndi wotchi yabwino, sindingakutsutseni."

"Mayi, tikiti imeneyi sabweza. Sutikesi ili m'chipinda, zogonera zanu zili momwemo. Mugona kuti? Mubwera bwanji?"

"Wiebke ali ndi sofa. Mankhwala anga ali m'chikwama muno. Sitima ilinso mawa. Tikiti yake mudzalipira ndinu, pa phindu lija."

M'fonimo munkamveka phokoso la anthu okwera, mabotolo akugundana m'majumbo, wina akuseka mokweza.

"Nanga wotchi avala ndani?"

"Mulungu anakupatsani mikono iwiri. Makomonso ku Oslo alipo awiri. Musankhe nokha."

Magnhild ankamumva Torleif akupuma m'fonimo. Ankamudziwa munthuyu. Sanali woipa mtima ayi, kungoti chinthu chimodzi chikalowa m'mutu mwake, zina zonse zimadikira panja.

"Ali bwanji?" anafunsa pomaliza, mawu atatsika.

"Wachepa."

"Nditsike? Ndibwere kumeneko?"

Anafunsa ndithu, tisamunamizire. Koma Magnhild anamva mmene funsolo linatulukira, ngati munthu wopereka mpando wake m'basi uku akupemphera kuti ukane.

"Pitani. Mukadyetse mphaka."

Anadula. Anaimbira Wiebke kuntchito kumuuza kuti ayale sofa ndi kumubwereka chogonera, ndipo mwanayo atayamba kulira, anamuuza kuti zolira adzalira madzulo, tsopano abwerere kuntchito asanamuchotse. Analowa m'chipinda muja, anavula nsapato zonyowa, n'kusanjika mapazi pansonga ya bedi. Usiku wa injini uja unamupeza pomwepo. 2 koloko inadutsa iye osaiona.

Chinamudzutsa ndi kulira kwa makapu m'khonde. Borghild anali maso, akumuyang'ana ndi diso limodzi lotseguka bwino, linalo lolefuka.

"Umaliza mkonono," anatero Borghild.

Mawuwo anatuluka olemera, ngati lilime latupa, koma anali mawu a kumudzi kwawo enieni, amene ngakhale Magnhild anali atasiya kuwayankhula.

"Ndinatengera iwe."

"Wachedwa."

"Ndachedwa."

"Wakalamba, Magnhild. Tsitsi lakolo ngati la nkhosa."

"Iwe ndiye wasanduka namwali?"

Mbali yamoyo ya nkhope ya Borghild inakwera pang'ono. Kenako anagwira mkono wa mng'ono wake mwamphamvu mpaka zala kulowa.

"Ukundimva? Ukumva zomwe ndikunenazi?"

"Ndikumva zonse. Usafuule, sindine gonthi."

"Nanga chimunthu chako chija chili kuti?"

"Chili panyanja. Chagula wotchi."

"Wotchi? Pa msinkhu umenewo? Akufuna asachedwe kuti?"

Magnhild anafuna kutsegula tchizi, koma Borghild anachikankha.

"Siya zimenezo. Tamvera. Phazi. Lamanzere, lamoyoli. Chala chachikulu. Ndawauza, ndawauza, m'mawa ndi madzulo. Amangoti inde, inde, n'kundisisita mutu ngati galu. Akamandiveka nsapato ine n'kulira, amayesa ndi mutu wasokonekera. Pa chipepala chawocho palibe chala."

Magnhild anavundukula bulangete n'kuvula sokosi. Poyang'ana pamwamba, chala chinali ngati chala china chilichonse. Atachikanikiza m'mbali, Borghild anatukwana mawu amene bambo awo ankatukwanira hatchi ikakana kukoka. Chikhadabo chinali chitalowa m'mnofu.

Anatuluka m'khonde osavala nsapato n'kuimitsa Dilek ndi ngolo yake ya khofi. Mawu ochepa anakwana. Namwinoyo anabwera, anagwada, anayang'ana, n'kugwira pakamwa. Anati mawa m'mawa aitana wodziwa za mapazi, koma pakali pano abweretse beseni la madzi ofunda. Anathandizana kumukhazika Borghild m'mbali mwa bedi, mapilo kumsana.

"Usamulole apite," anatero Borghild. "Umuuze kuti khofi ndimamwa wopanda mkaka. Chaka chonse akundimwetsa mkaka ngati mwana wa ng'ombe. Ndipo zenera azitsegula usiku, muno mumanunkha nkhalamba. Ndipo uyu wa bedi ili amandibera mabisiketi."

"Pang'onopang'ono, iwe. Pakamwa ndili napo pamodzi."

"Umuuzenso kuti manja ake ngofewa. Wa usiku uja ayi, koma uyu."

Magnhild anamasulira chimodzichimodzi, za mabisiketi zokha anazinena motsitsa. Dilek anaseka, anathira khofi wakuda m'kapu n'kumugwiritsa Borghild m'dzanja, kenako anapita kukatenga madzi. Beseni litafika, Magnhild anapinda manja a juzi, anagwada movutikira, chiuno chikudandaula, n'kumiza phazi la mkulu wake.

"Atentha," anatero Borghild.

"Sanatenthe. Khazikika. Ndiye umati wa usikuyo amatani?"